Kodi ndende ya ku Gotham ili ndi loko?

Kabaza Jnr: Akuluakulu moni nonse. Pali kanthu kandikhala pakhosi. Joker uja, mdani wamkulu wa Batman m'makomiki, wapha anthu osawerengeka mumzinda wa Gotham: apolisi, ana, anamwino, mpaka Robin amene, mnyamata wothandiza Batman. Koma akagwidwa, nyimbo ndi yomweyomweyo. Amupititsa ku Arkham, kosungira zigawenga zodwala mutu, atseka, miyezi iwiri isanathe wayamba kale kuseka m'misewu. Kodi mzinda umenewu ulibe majaji? Nanga Batman bwanji osangomumaliza kamodzi anthu apume?

Nangozo: Takulandirani achimwene. Aliyense wolowa gulu lino amayambira pa funso limeneli 😂 Dikirani a Madala amwe kaye tiyi, akuyankhani.

Wa ku Joni: Ine ndili nawe mphwanga. Bruce Wayne, yemwe ndi Batman, ndalama zogulira ndege ali nazo, koma loko wabwino wa ku Arkham zikumukanika? Mu 1993 Bane anangophulitsa khoma, onse mbwee kutuluka, Batman n'kumawatola mmodzimmodzi mpaka kutheratu mphamvu, mapeto ake Bane kumuthyola msana. Ku Marvel, kampani ina ya makomiki, n'chimodzimodzi. Electro anasokoneza magetsi ku ndende ya Raft, zigawenga n'kubalalika usiku umodzi, ndiye poyambira gulu la ngwazi la New Avengers pamenepo. Ndende za m'makomiki ndi kopumulirako basi.

Madala a Makomiki: Tiyi uja ndamwa. Mphwanga Kabaza, jaji amene ukumufunayo sakhala ku Gotham. Amakhala mu ofesi ya kampani yosindikiza, ndipo udindo wake ndi mkonzi.

Tamvera. Joker anaonekera koyamba mu Batman nambala 1, mu 1940. M'bukumo munali nkhani zake ziwiri, ndipo yachiwiriyo inalembedwa kuti afe: polimbana ndi Batman anadzibaya yekha ndi mpeni pachifuwa. Mkonzi wina, Whitney Ellsworth, ataziona anati munthu ngati ameneyu sitingamutaye, n'kuwauza kuti awonjezere kachithunzi kumapeto, dokotala ali mu ambulansi akudabwa kuti munthuyu akupumabe ndipo achira. Chikhululukiro choyamba cha Joker n'chimenecho, ndipo sanachipereke ndi jaji.

Za kumupha ukunenazo anayesapo kale. Mu 1942, Detective Comics nambala 64, Joker anadzipereka yekha, n'kuvomera milandu, boma n'kumupha pa mpando wamagetsi. Anyamata ake anakatenga mtembo, kuubaya jakisoni, munthu dzambatu! Kenako ankayenda poyera, akuti milandu yanga ndinalipira kale ndi moyo wanga.

Ndiye kunabwera 1954. Ku America kunali phokoso loti makomiki akuononga ana, nkhani inafika mpaka ku komiti ya Senate. Makampani pochita mantha anadziikira okha malamulo, Comics Code, ndipo limodzi linkati m'nkhani iliyonse chabwino chizipambana, wopalamula azilangidwa. Tsono phatikiza ziwirizi. Lamulo likufuna chigawenga chilangidwe pa tsamba lomaliza. Wowerengera ndalama akufuna chigawenga chomwecho chikhale pa chikuto miyezi itatu ikubwerayi. Ndende yotheka pamenepo ndi imodzi yokha, yolowera kumaso n'kutulukira kuseri.

Kabaza Jnr: Nanga Arkham inabwera liti madala? Ine ndimaona ngati inalipo chiyambire.

Madala a Makomiki: Ya dzulodzulo imeneyo, 1974, Batman nambala 258, wolemba Dennis O'Neil. Ndipo taona chakacho. Nthawi ya Code ija Joker anasanduka wanthabwala chabe, woba zinthu zoseketsa, wosapha munthu, ndiye kumutsekera m'ndende wamba kunalibe vuto. Mu 1973 O'Neil yemweyo ndi wojambula Neal Adams anamubwezera ukali wake wakale, akupha anyamata ake omwe mmodzimmodzi. Munthu akayamba kupha chotero, owerenga afunsa funso lakoli. Yankho linali lakuti ndi wodwala mutu, sangaimbidwe mlandu, akagonekedwe kuchipatala.

Loya Wamawa: Ndiloleni ndiikepo za kukalasi. Misala ya m'makomiki ndi misala ya kukhothi n'zosiyana kutalitali. Makhothi ambiri otengera malamulo a ku England, athu omwe, amayendera muyezo wochokera pa mlandu wa Daniel M'Naghten wa 1843. Bambo ameneyu anawombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel. Muyezo wake ndi wakuti pa nthawi yopalamula, chifukwa cha matenda a m'mutu, munthuyo sankadziwa chimene akuchita, kapena sankadziwa kuti n'cholakwa. Tsono Joker amakonza mapulani, amalemba anyamata ganyu, amazemba apolisi, ndipo m'nkhani yake yoyamba ija ankachita kulengeza pa wailesi dzina la munthu ndi ola lomwe afe. Ameneyo ngakhale loya wa boma woyamba kumene ntchito dzulo angamumangitse.

Namwino wa Usiku: Zikomo a Loya. Ine chimandiwawa n'chimenecho. Ndagwirapo ntchito ndi odwala matenda a m'maganizo. Ambiri ndi anthu ofatsa, amantha, ndipo iwowo ndi amene amachitiridwa nkhanza. Koma mwana wokula ndi Batman amadziwa kuti chipatala chotere ndi kosungira zigawenga. Ndiye taonani ogwira ntchito ake. Harleen Quinzel anapita kukathandiza Joker, anabwerako ali Harley Quinn. Amadeus Arkham, amene anayambitsa chipatalacho, anathera m'chipinda cha momwemo ali wodwala. Kumeneko sachira munthu, chifukwa Two-Face, chigawenga chopsa theka la nkhope, akachira azigulitsa chiyani? Amamukonza nkhope, amamupatsa uphungu, n'kumutulutsa, wolemba wina akabwera nkhope yapsanso.

Madala a Makomiki: A Loya, mfundo yanu anaiganizirapo. Mu 1996 Chuck Dixon analemba nkhani yotchedwa Devil's Advocate. Anthu akufa ndi masitampa opakidwa poizoni, woimira boma pa milandu wakana zoti Joker ndi wamisala, khothi lamupeza wolakwa, lagamula kuti aphedwe. Mzinda wonse ukuomba m'manja. Vuto ndi limodzi: mlandu umenewu wokha sanapalamule ndi iye. Batman anathamangathamanga mpaka kupeza mwini mlandu weniweni, Joker n'kupulumuka atafika kale pa mpando.

Wa ku Joni: Mwaona? Khothi lachita mbali yake, wobweza ndi Batman yemweyo. Munthu wapha mazanamazana, iwe n'kumati koma awa okha sanaphe ndi iye. Amene adzafe mawa ndiye magazi awo ali pamutu pa ndani?

Loya Wamawa: Pamenepo ndiye tisiyana achimwene. Mukalola boma kupha munthu pa mlandu wa wina chifukwa choti "ndi woipa kale", mawa lamulo lomwelo ligwira munthu wosalakwa amene nkhope yake anthu sakuikonda. Komanso wopaka poizoni weniweniyo akanatsala panja. Batman sanakane chilango, anakana bodza. Kwathu kuno chilango cha imfa chili m'malamulo koma chinyongere munthu ndi 1992, ndipo mkangano wake ndi womwewu.

Chipata Boy: Ise ku Zambia tinachichotseratu mu December 2022 ba Loya.

Amfumu a Gulu: Tiyeni tibwerere ku Gotham abale. Tikalowa za ku Parliament titulukamo mawa.

Nangozo: Ine ndikufuna tione chaka chimodzi chokha, 1988, chifukwa chilichonse chili mmenemo. Chaka chimenecho Joker anagogoda pakhomo la Commissioner Gordon, mkulu wa apolisi, mwana wake Barbara, yemwe anali Batgirl, n'kutsegula ali ndi kapu m'manja, iye n'kumuombera m'mimba, chipolopolo kukaononga msana. Chaka chomwecho anamenya Jason Todd, Robin wachiwiri, ndi chitsulo, n'kumusiya m'nyumba yotcheramo bomba. Ndipo amene anagamula kuti Jason afe ndi owerenga. DC, kampani yosindikiza Batman, inapereka manambala awiri a foni, ina yoti apulumuke, ina yoti afe. Oti afe anali 5,343, oti apulumuke 5,271. Kusiyana mavoti 72 basi, mwana kupita.

Tsono chilango cha Joker chinali chiyani? Wolemba anamupatsa ukazembe wa dziko la Iran ku United Nations, kuti wapolisi aliyense asamukhudze, mpaka Superman anatumidwa kukaletsa Batman kuti asachite zopusa. Mapeto ake helikopita inagwera m'madzi, mtembo osapezeka. Aliyense wowerenga makomiki amadziwa tanthauzo la mtembo wosapezeka.

Barbara anakhala pa chikuku kuyambira 1988 mpaka 2011. Zaka 23. Inde, John Ostrander ndi Kim Yale anamukonzera moyo wina ngati Oracle, katswiri wa makompyuta wothandiza ngwazi, ndipo ena a ife timamukonda kwambiri ali Oracle kuposa ali Batgirl. Koma tawerengani kuti pa zaka 23 zimenezo Joker anatuluka kangati. M'mabuku amenewa chokhalitsa ndi chilonda cha wovulazidwa, osati chilango cha wovulaza.

Namwino wa Usiku: Asisi mwalankhula. Ndipo kawirikawiri wovulazidwayo ndi mkazi.

Chipata Boy: Manje mukungonena DC, bwerani ku Marvel muone zenizeni. Norman Osborn, Green Goblin, anapha Gwen Stacy, chibwenzi cha Spider-Man, mu 1973, Amazing Spider-Man nambala 121. Nambala yotsatira anafa, kachombo kake kouluka kanamubaya pachifuwa. Tinati chilungamo chachitika. Anakhala wakufa zaka 23, mu 1996 n'kutulukira kuti mankhwala amene anamupengetsa anamuchiritsanso, anali ku Ulaya nthawi yonseyi. Sizinathere pompo. Boma la America linamupatsa gulu la Thunderbolts kuti aziliyendetsa, ndipo itatha nkhondo ya ma Skrull, adani ochokera kumlengalenga, mu 2008 anamukweza kukhala mkulu wa chitetezo cha dziko lonse, ali ndi Avengers akeake. Amati mlandu suola, koma ku Marvel umaola bwinobwino.

Doctor Doom ndiye osanena. Ndi mfumu ya Latveria, ali ndi chitetezo cha ukazembe, ndipo tsiku lomwe wagonja mochititsa manyazi, wolemba wina amadzati amene anagonja uja linali loboti lake. Kingpin anakhala meya wa New York mu 2017. Lex Luthor naye ku DC anapambana upulezidenti mu 2000. Akuluakulu sapita kundende, amapita ku ofesi.

Kabaza Jnr: Ndiye kuti ngakhale Batman atamupha palibe chingasinthe?

Madala a Makomiki: Wayamba kuona tsopano. Kraven anadziombera yekha mu 1987, nkhani yotha bwino kwambiri, yosafuna kuwonjezera kanthu. Mu 2010 abale ake anamudzutsa. Ra's al Ghul ali ndi maenje a Lazarus odzutsa akufa, akafa amangomuviika. Kale owerenga ankati m'makomiki akufa zenizeni ndi atatu okha, Bucky, Jason Todd ndi Uncle Ben. Mu 2005 awiri oyambawo anabwerera chaka chimodzi.

Koma musaganize kuti mkonzi amangokhululuka. Amadziwanso kulanga. Mu 1980 Jean Grey, ali Dark Phoenix, anameza nyenyezi, dziko la a D'Bari n'kupsa ndi anthu ake mabiliyoni 5. Chris Claremont ndi John Byrne anakonza zoti angomuchotsa mphamvu abwerere kwawo. Mkonzi wamkulu Jim Shooter anakana, anati wopha mtundu wathunthu sangangopita kunyumba. Ndiye Jean anafa mu X-Men nambala 137. Mu 1986 atamufuna pa buku latsopano la X-Factor, anayenera kuyamba amuchotsera mlanduwo: akuti amene anapha anthu aja sanali Jean, chinali chimphamvu cha Phoenix chitavala maonekedwe ake, mwiniwake ali gone pansi pa madzi ku Jamaica Bay. Jaji yemweyo kumanga, jaji yemweyo kumasula pa apilo.

Mayi a Tadala: Ine ndimangowerenga ndemanga zanu, koma lero ndiyankhulepo. Kodi simukuvutika ndi zinthu zosavuta? Agogo akamatiimbira nthano, Fisi ankafa lero, wapsa ndi madzi otentha, mawa madzulo nthano ina Fisi yemweyo ali moyo akupusitsidwanso ndi Kalulu. Panalibe mwana wofunsa kuti agogo, Fisi uja si anafa dzulo? Tinkangoti tilitonse. Joker ndi Fisi wa Azungu basi.

Nangozo: Mayi, zikanakhala choncho bwenzi palibe mkangano. Kusiyana kwake n'kwakuti nthano ya lero sikumbukira ya dzulo. Makomiki a ngwazi amakumbukira. Amakuikira kanyenyezi pansi pa chithunzi kuti onani nambala yakutiyakuti, amasunga suti ya Jason m'galasi m'phanga la Batman zaka ndi zaka. Akufuna imfa ija ikhale yeniyeni kuti tilire, koma akufunanso wakuphayo akhalepo mwezi wamawa kuti tigule. Ziwirizi zikakumana ndiye pamatuluka funso la a Kabaza. M'ma 1950 silinkavuta chifukwa nkhani iliyonse inkathera pomwepo. Linayamba kuwawa pamene anayamba kusunga kaundula wa maliro.

Ndipo olemba akudziwa. Jason atabwerera ngati Red Hood, Judd Winick anamuika m'chipinda chimodzi ndi Batman ndi Joker womangidwa, mfuti ili m'manja, n'kufunsa bambo ake omulera funso lomweli. Sankadandaula kuti sanapulumutsidwe. Ankadandaula kuti wakumupha akupumabe. Batman anayankha kuti kupha Joker n'kosavuta, ndipo amakuganizira tsiku ndi tsiku, koma akangoyamba sadzasiya.

Wa ku Joni: Yankho limenelo ine silindikhutiritsa. Ndipo taonani mmene amazikonzera. Nthawi iliyonse ngwazi ikapha, wolemba amaonetsetsa kuti dziko lipasuke. Mu Kingdom Come ya 1996 Magog wapha Joker, khothi lamumasula, Superman wakwiya wapita kukalima, mapeto ake Kansas yapsa yonse. Mu Injustice Superman wapha Joker, mawa lake wasanduka wolamulira mwankhanza dziko lonse lapansi. Palibe nkhani yoti wina wapha Joker, anthu a ku Gotham n'kugona tulo, basi. Masewero ake ndi ogula referee.

Loya Wamawa: Ogula referee inde, koma onani kuti nkhani ziwiri mwatchulazo anaziika kunja kwa mzere weniweni wa nkhani. M'kati mwa mzere, Superman anaphapo mu 1988, General Zod ndi anzake awiri, atapha anthu onse a dziko lina ndipo kunalibe khothi lotsala loti liwazenge. Anawaweruza yekha n'kuwatsegulira kryptonite, mwala wopha anthu a mtundu wake. Chikumbumtima chinamudya mpaka anachoka pa dziko kukazungulira mlengalenga. Zod ndiye anabweranso m'maonekedwe ena, monga mwa nthawi zonse.

Kabaza Jnr: Nanga Punisher wa ku Marvel, wopha zigawenga uja? Ameneyo ndiye sanyengerera.

Chipata Boy: Punisher amapha anthu opanda maina mwana. Anyamata a mafia, ogulitsa mankhwala, oonekera pa tsamba 5 n'kufa pa tsamba 6. Wakhala mu New York kuyambira 1974, mzinda umodzi ndi Kingpin ndi Bullseye, onse ali moyo. Ngakhale mdani wake weniweni, Jigsaw, amangobwerabwera.

Madala a Makomiki: Pali nkhani ina imandiseketsa. M'ma 1985 ndi 1986 Marvel inaona kuti yadzaza ndi tizigawenga topanda ntchito, tomwe palibe wolemba akutifuna. Mark Gruenwald anabweretsa munthu wotchedwa Scourge kuti azitisesa. Mu Captain America nambala 319 tizigawengato tinasonkhana m'bala ina yopanda dzina kukambirana za chitetezo chawo, osadziwa kuti wogulitsa mowayo ndi Scourge yemweyo. Anatulutsa mfuti, 18 kugona pomwepo. Ambiri mwa iwo sanaphepo anthu ofika ngakhale theka la a Green Goblin. Mlandu wawo unali kusagulitsa mabuku. Ndiye mu 2009 wolemba wina anafuna anthu oti Punisher aziwapha, chigawenga chotchedwa Hood chinawadzutsa ambiri mwa iwo, kuti adzafenso kachiwiri.

Namwino wa Usiku: Koma ndiye nkhanza 😭 Kodi alipo amene analapa n'kukhazikika? Kapena onse ndi a Two-Face?

Nangozo: Alipo asisi. Hawkeye, Quicksilver ndi Scarlet Witch anayamba ngati adani, mu 1965 analowa Avengers. Black Widow anali kazitape wolimbana ndi Iron Man. Rogue anaononga moyo wa Carol Danvers mu 1981, mu 1983 anagogoda kwa Professor X kupempha thandizo, mpaka lero ndi wa X-Men. Koma onani kuti onsewa analapa msanga, asanakhale mdani wamkulu wa munthu wina. Sandman anayesetsa, anafika mpaka pokhala wothandizira Avengers, koma Spider-Man ankasowa womenyana naye, ndiye anamubweza ndi makina osokoneza bongo. Riddler anatsegula ofesi yofufuza milandu mu 2006, zaka zochepa wabwerera ku zakale. Magneto anazengedwa ku Paris mu 1985, mlandu sunathe n'komwe, anachoka kumeneko kukakhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya Xavier, ndipo kuchokera apo wakhala akuwoloka uku ndi uku mpaka tinasiya kuwerenga.

Wa ku Joni: Kwa ine amene ananena zoona ndi Ostrander ndi Suicide Squad yake ya 1987. Amanda Waller, mkulu wa gululo, sanamizira kuti akukonza munthu. Amapita ku ndende ya Belle Reve ku Louisiana, amakuuza kuti gwira ntchito yonyansa ya boma tikuchotsere zaka, amakuveka chibangili cha bomba, ukathawa mkono wapita. Pamenepo ndiye ndimamvetsa chifukwa chake Captain Boomerang ali panja. Wina anasaina pepala.

Loya Wamawa: Ndipo ngati mukufuna kuona munthu akugwiradi ukaidi m'makomiki, musayang'ane zigawenga. Mu 2019 Chip Zdarsky analemba Daredevil akumenya mbava zitatu pa sitolo ya mowa, imodzi inamenyetsa mutu n'kufera kuchipatala. Daredevil, dzina lake lenileni Matt Murdock, ndi loya, akanatha kuzemba. Anakavomera mlandu wopha munthu mosafuna, anamugamula zaka ziwiri, analowa m'ndende atavala chigoba chake kumaso, Elektra n'kutenga malo ake kunja. Nthawi yonseyo meya wa mzinda anali Kingpin.

Chipata Boy: Ndipo zaka ziwirizo sanamalize ba Loya, musaiwale.

Loya Wamawa: Sanamalize, koma analowa ndi miyendo yake. Bullseye anapha Elektra mu 1982, anapha Karen Page mu 1999, ndipo nthawi ya Osborn ija boma linamuveka yunifolomu ya Hawkeye n'kumamulipira.

Mayi a Tadala: Elektra yemweyo amene mwati anatenga malo a Daredevil? Anaphedwa mu 1982?

Chipata Boy: Yemweyo mayi. Musafunse zambiri.

Kabaza Jnr: Madala, ya masitampa ija ndiyambire pomwepo kapena pali zofunika kuwerenga kaye?

Madala a Makomiki: Ndi buku limodzi loima palokha, yambira pomwepo. Mwini poizoni uja sindinamutchule dala, ndipo a Chipata mukangomutchula ndikukanenezani kwa Amfumu.